Thukuta kapena mwayi? Yankho kwa achimwene a ku Bangula

Funso ili lachokera kwa bambo wina wa ku Bangula, ndalidulako pang'ono poti linali lalitali. Akuti: "Ine ndinayamba ndi geni ya nsomba zouma, lero ndili ndi golosale, ng'ombe 14 ndi njinga zamoto ziwiri za kabaza. Palibe anandipatsa kanthu. Mng'ono wanga anatsala kumudzi ku Makhanga, chaka chilichonse ndi kupempha basi. Tsiku lina pamaso pa abale anandiuza kuti achimwene musamadzitame, zanuzi ndi mwayi chabe. Zinandiwawa, mpaka lero sitilankhulana. Kodi munthu amalemera ndi mwayi kapena ndi khama? Nanga boma ndi mabungwe akamangogawa ndalama kwa osauka kusiya ife olimbikafe, chilungamo chake chili pati?"

Achimwene, takhuta chifukwa cha funsoli. Ine ntchito yanga ndi ya zachuma cha alimi, ndazungulira midzi ya Chikwawa ndi Nsanje zaka zambiri ndi kope m'manja kufunsa anthu kuti mwakolola matumba angati, mwagulitsa zingati, ngongole muli nayo kwa ndani, ndipo kwathu ndi konkuno cha ku Ngabu, ndiye sindikuyankhani ngati mlendo uja amatsika pa Thabwa ndi galimoto yozizira mkati nkubwerera ku Blantyre dzuwa lisanalowe. Mng'ono wanu analankhula mwamwano, pagulu sipouzira mkulu wako zotero. Koma sananame zonse. Inunso simukunama. Liwu lomwe lakudanitsani ndi limodzi, loti "chabe".

Chichewa chathuchi chili ndi kamsampha pa nkhani imeneyi. Munthu akatola K5,000 pamsewu timati wachita mwayi. Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale timatinso wapeza mwayi wa sukulu. Liwu ndi lomwelo koma zinthu zake ndi ziwiri. Woyambawo ndi wongokugwera, ndi mphumi, sunachitepo kalikonse. Wachiwiriwo ndi khomo lotseguka, umayenerabe kudzuka nkulowa ndi miyendo yako, ndipo ambiri khomo limatseguka iwo ali chigonere. Mng'ono wanu atati mwayi inu munamva woyamba uja, ngati akukuuzani kuti golosale munaiwina pa juga ya mpira ya pafoni, ndiye mkwiyo wanu ndikuumvetsa. Koma funso lenileni ndi lakuti makomo amene inu munalowa, kodi iye anamutsegukiranso?

Ndikuuzeni za ine kaye kuti musaone ngati ndikuloza inu nokha. Ku pulayimale ndinali ndi mnzanga, tinkakhala pamodzi pansi pa mtengo wa bwemba poti kalasi yathu inali yomweyo. Mnyamatayo masamu ankawamwa ngati madzi. Iye nambala 1, ine 3 kapena 4, temu iliyonse. Mayeso a Sitandade 8 tonse tinakhoza, tonse tinasankhidwa. Ine ndinali ndi amalume ogwira ntchito ku Nchalo, nthawi imeneyo timati ku SUCOMA isanakhale Illovo, ankalandira pamwezi, ndiye fizi, yunifomu ndi kasutikesi kachitsulo zinapezeka. Mnzangayo bambo ake anamwalira chaka chomwecho, ng'ombe zitatu zomwe zinalipo abale anagawana pamaliro pomwepo, iye anapita temu imodzi nkubwezedwa chifukwa cha fizi. Lero amawolotsa anthu pa bwato. Ndikamuona ndimachita manyazi kunena kuti ndinalimbika, ngakhale ndi zoona kuti ndinalimbika, ndinawerengadi ndi koloboyi mpaka mphuno kuda. Koma amalume aja sindinawasankhe ine, ndinangobadwa nkuwapeza.

Za kubadwazi anthu ophunzira anaziwerengera ndithu. Katswiri wa zachuma Branko Milanovic, amene anagwira ntchito nthawi yaitali ku World Bank, anapeza kuti ukatenga anthu a dziko lonse lapansi, kusiyana kwa ndalama zomwe amapeza, kupitirira theka kumafotokozeka ndi dziko lomwe munthu akukhala basi, usanafunse nkomwe za khama lake kapena nzeru zake. Wosesa mumsewu ku Norway amaposa mphunzitsi wa ku Nsanje, si kuti amadzuka m'mamawa kuposa aphunzitsi athu ayi. Kafukufuku wina anachitika ku Indonesia, a Sharon Maccini ndi Dean Yang anautulutsa mu 2009, iwo anayang'ana mvula yomwe inagwa chaka chimene munthu anabadwa. Akazi obadwa chaka cha mvula yabwino atakula anapezeka kuti ndi otalikirapo, athanzi, ndipo anapita patali ndi sukulu kuposa anzawo a dera lomwelo obadwa chaka cha chilala. Mvula ya chaka chimene unali kumsana kwa amako! Ndiye taganizani mwana wobadwa kuno mu chilala cha 1992 kapena njala ya 2002, amake akudya nyika zokumba m'dambo moopa ng'ona.

Tsopano tibwere kuno kuchigwa, poti kuno mwayi ndi tsoka sizibisala, zimaoneka ndi maso. Inu muli ku Bangula, mng'ono wanu ali ku Makhanga. Pa mapu ndi pafupi, kungowoloka Shire. Koma chikokolokereni njanji pa Chiromo mu 1997, kutsidyako kuli ngati dziko lina, katundu ndi pa bwato, wodwala ndi pa bwato, ndipo malo aja ali pakati pa Shire ndi Ruo, madzi akabwera amachokera mbali ziwiri. Tawerengani nokha: Januwale 2015 madzi. Malichi 2019 namondwe Idai. Januwale 2022 namondwe Ana, yemwe anaononga mpaka damu la Kapichira dziko lonse nkukhala mumdima. Malichi 2023 Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi muno. Kanayi m'zaka zisanu ndi zinayi. Munthu amene mbuzi zake, nkhokwe yake, mbewu yake ndi nyumba yake zapita kanayi m'zaka zimenezi, ndipo ulendo uliwonse akuyambira mu kampu pa sukulu ndi ndowa yopatsidwa ndi bulangete limodzi, mungamuyeze bwanji ndi munthu amene sitolo yake madzi sanalowemo kapena analowamo kamodzi? Mvula ikakuona litsiro siikata, anatero akuluakulu, ndipo kutsidyako, kumene timati East Bank, mwambiwu si mwambi ayi, ndi kalendala.

Mwina muti, nanga bwanji osasamuka? Funso limeneli ndalimva m'misonkhano kambirimbiri, kawirikawiri kuchokera kwa anthu olandira pamwezi. Makolo athu ankadziwa kuti kuno umafunika minda iwiri, kumphala kolima mapira, mchewere ndi thonje nthawi ya dzinja, ndi kudimba kodzala chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwa. Dothi lomwe madzi osefukira amasiya ndi lomwe limadyetsa anthu chilimwe chonse popanda feteleza. Munthu ukamuuza kuti apite kumtunda osamupatsa munda woti nkulima, wamuchotsa pa ngozi yobwera nthawi zina nkumuika pa njala ya tsiku ndi tsiku. Si uchitsiru kubwerera kudimba, ndi masamu, kungoti masamu ake ndi owawa.

Pali chinthu china chomwe anthu a geni ngati inu mumachidziwa bwino kuposa ife a makope, nkhani ya mpamba. Ndalama imabala pomwe pali inzake. Dengu loyamba la mlamba wouma likayenda bwino mumagula awiri, awiri aja nkukhala bale, kenako mumayamba kupita nazo ku Limbe nokha m'malo mogulitsa kwa opikula, phindu nkukwera. Koma zimenezi zimafuna kuti zaka ziwiri zitatu zoyambirira zija pasagwe chokugwetsani. Ndiye dzifunseni moona mtima, m'zaka zimenezo munadwalapo matenda ogoneka miyezi iwiri? Mwana anagonekedwapo m'chipatala mpaka mpamba kudyeka? Nsomba zinanyowapo pa lole nkuwola zonse? Akuba anakuthyolerani? Ngati yankho ndi ayi, kumeneko ndiye kumene kunali mwayi wanu, si kuti munatola kanthu, koma tsoka linakulambalalani pa nthawi yomwe munali wosalimba. Mwayi woterewu suoneka chifukwa ndi chinthu chimene sichinachitike. Palibe amakumbukira malungo omwe sanadwale.

Ku Bangladesh bungwe la BRAC linapatsa amayi osaukitsitsa ng'ombe, ndipo akatswiri, mmodzi mwa iwo Oriana Bandiera wa ku London School of Economics, anatsatira mabanjawo kwa zaka 11. Anapeza kuti pali kamzere. Mabanja amene ng'ombe ija pamodzi ndi tinthu tomwe anali nato kale zinawadumphitsa kamzereko anapitirira kukwera okha, pomwe amene zinawasiya pansi pake pang'ono anabwerera mu umphawi pang'onopang'ono. Anthu ake ndi amodzimodzi, midzi yake yomweyo, chosiyana ndi poyambira. Kwathu kuno ndi zomwezo, ng'ombe imodzi yopanda ngolo, yopanda khola labwino, yopanda ndalama ya mankhwala a nkhupakupa, imathera kwa a butchala mwana akadwala. Ng'ombe 14 ngati zanuzo ziwiri zitafa mukhumudwa koma simugwa.

Ndipo umphawi umadyanso mutu, izi ndimafuna anthu azimve chifukwa ndi pamene timaweruzira anzathu molakwika. Mu 2013 kunatuluka kafukufuku wa alimi a nzimbe a ku Tamil Nadu ku India, ochita ake ena ndi Sendhil Mullainathan ndi Eldar Shafir. Alimi a nzimbe amalandira ndalama kamodzi pachaka, ndiye mlimi yemweyo amakhala wosauka asanadule nzimbe nkukhala bwinoko atalandira. Anawapatsa timayeso toyesa kuganiza nthawi ziwiri zonsezo, ndipo anthu omwewo anakhoza bwino atalandira ndalama kuposa asanalandire. Mutu ukadzaza ndi "madzulo ano ana adya chani" malo oganizira za chaka chamawa amachepa. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndikhulupirira atha kuvomereza osawerenga nkomwe. Choncho mukaona mng'ono wanu watenga katapila mu Febuluwale woti abweze kawiri, kapena wagulitsa chitowe chisanakhwime kwa venda pa mtengo wolira, musathamangire kuti alibe nzeru. Inu mutakhala miyezi itatu osadziwa kuti ufa uchokera kuti mungachitenso zina zoti lero mukuziseka.

Nanga nchifukwa chani ife amene zinatiyenderako sitiuona mwayi wathu? Si kuti ndife oipa mtima. Mukamapalasa bwato kutsika ndi Shire simumva kuti madzi akukukankhani, chomwe mumamva ndi mapewa kuwawa ndi matuza m'manja. Wopita chokwera ndi amene amadziwa mphamvu ya madzi. Inu mukukumbuka usiku uja munagona pa depoti kudikira lole udzudzu ukukudyani, mukukumbuka masiku osadya nkhomaliro kusunga mpamba, ndipo zonsezo zinachitikadi, thupi limasunga. Koma munthu amene anakukongozani dengu loyamba, kapena mbale amene anakusungani ku Bangula miyezi isanu ndi umodzi osalipira lendi, kapena kuti inu monga wamkulu munachoka pakhomo pomwe wina anatsala kusamala amayi ndi munda, zimenezi mtima sumasunga kwenikweni. Mwalemba kuti palibe anakupatsani kanthu. Sindikukutsutsani, nkhani yanu mukuidziwa ndinu, koma mwa anthu onse a geni amene ndinakhala nawo pansi nkuwafunsa bwinobwino kuti munayamba bwanji, pofika mphindi makumi awiri pamatulukira dzina la munthu. Azakhali, apongozi, bwana wakale, gulu la banki m'khonde. Nthawi zonse.

Apa ndisakusiyeni ngati ndikuti khama ndi nthano. Ayi ndithu. Ndinaonapo ndi maso anga mabanja awiri oyandikana atapatsidwa mbuzi zofanana tsiku limodzi, patapita zaka zitatu wina khola ladzaza mpaka wagula malata, wina anagulitsa sabata yomweyo ndalama nkuthera ku kachasu. Pa msika wa Bangula pomwepo anthu amene anayamba geni ya nsomba nthawi imodzi ndi inu analipo ambiri, ena khomo lomwelo linawatsegukira koma phindu loyamba anakwatirira mkazi wachiwiri. Inu munadziletsa, ndipo palibe angakulandeni zimenezo. Mmene ndimaonera ine, khama ndi tikiti yolowera mu mpikisano, popanda ilo suwina, koma olimbika ndi ochuluka kwambiri kuposa owina. Mayi amene amadzuka 4 koloko kupita kudimba, kubwera kutunga madzi, masana ganyu yopalira, madzulo kusinja mapira, ndani angamuuze kuti salimbika? Thukuta likanakhala ndalama, olemera a kuchigwa kuno akanakhala amayi amenewa ndi anyamata odula nzimbe pa dzuwa la Okutobala.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo mwina inu yakukhudzani kale kapena ikubwera. Kumudzi munthu akatukuka sitinena kuti mwayi nthawi zambiri, timati anakhwima. Golosale ikamayenda ndiye kuti pali ndondocha kuseri, mwana akadwala m'banjamo ndiye kuti wamuika m'chizimba. Ndipo munthu akasauka olemera amati ndi ulesi. Tayang'anitsitsani, awiriwa akuchita chinthu chimodzi, onse akukana kuti zinthu zina zimangochitika popanda wozipanga. Wina akufuna kuti chuma chikhale ndi mfiti yake, wina akufuna kuti umphawi ukhale ndi mlesi wake. Ndiye ine ndikamva mng'ono wanu akuti ndi mwayi, penapake ndimapumako, chifukwa akanatha kunena liwu loipa kuposa limenelo, liwu lomwe laphetsa agogo osalakwa m'midzi yathu. Kuvomereza kuti mwayi ulipo kumateteza wolemera ku mbiri ya ufiti, kumatetezanso wosauka ku chitonzo.

Tsopano funso lanu lachiwiri, la chilungamo. Mmene munthu amaonera kugawana chuma zimatsamira kwambiri pa chimene amakhulupirira kuti chinabweretsa chumacho. Akatswiri atatu a ku Norway, Ingvild Almås, Alexander Cappelen ndi Bertil Tungodden, anachita kayeso kosavuta. Anthu awiri agwira ntchito, mmodzi yekha walandira madola 6 owonjezera, ndipo munthu wachitatu woonerera akufunsidwa ngati ndalamayo igawidwe. Oonerera akauzidwa kuti wolandirayo anangowina pa mayere, ambiri ankagawa. Akauzidwa kuti anagwira ntchito kuposa mnzake, ambiri ankamusiyira yochuluka. Anayesa anthu a ku America ndi a ku Norway, ndipo a ku Norway ankagawa kwambiri kuposa a ku America, koma mbali zonse ziwiri anthu ankasiyanitsa mayere ndi thukuta. Ndiye mkangano wanu ndi mng'ono wanu si wa mbiri yakale chabe. Iye akamati mwayi akutanthauza kuti muli naye ngongole. Inu mukamati khama mukutanthauza kuti mulibe. Nkhani yagona pamenepo, nchifukwa chake yafika posalankhulana.

Za ndalama zogawazo, tiyeni tilunjike pa Mtukula Pakhomo poti ndi yomwe anthu amaitchula. Inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi banja limodzi mwa khumi. Agogo olera adzukulu amasiye, olumala, odwala matenda okhalitsa, ana olera anzawo. Si mpikisano umene inu munaluza ayi, ndi mzere womwe simungafune kuimapo. Ndalama yakenso ndi yochepa, yoti sopo, mchere, makope a ana ndi kankhuku, palibe anamangapo golosale. Wafilosofi wa ku America John Rawls mu 1971 anapereka njira yoyezera chilungamo yomwe ndimaikonda, ndiiike m'Chichewa cha kuno. Tayerekezani kuti simunabadwe, ndipo akufunsani kuti malamulo a dziko akhale otani, koma simukudziwa ngati mukabadwire ku Namiwawa kwa a dokotala kapena ku Makhanga chaka cha madzi, mwamuna kapena mkazi, wamphamvu kapena wolumala miyendo. Mungasankhe dziko loti agogo olera amasiye asalandire kalikonse? Ine sindingayerekeze, poti mwina agogowo nkukhala ondilera ine.

Koma dandaulo lanu lili ndi mbali yoona ndipo sindiibisa. Anthu apakati, olimbika koma opanda mpamba wokwanira, dziko lathu limawaiwala. Sali osauka mokwanira kuti alembedwe, sali olemera mokwanira kuti banki iwakongoze pa chiwongoladzanja chopumira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 wa golosale ngati inu anadzuka mpamba wake utafupika usiku umodzi, katundu wogulitsa dzulo sakukwananso kuodanso, ndipo palibe anabwera kudzamufunsa. Limenelonso ndi tsoka losasankha, lofanana ndi madzi. Chinanso, kalembera wa olandira thandizo nthawi zina amayenda mwachibale, tonse tinaonapo kampu itadzaza ndi mayina a anthu omwe nyumba zawo sizinagwe. Pamenepo kwiyani ndithu, ine ndikwiya nanu. Koma mkwiyowo upite kwa olemba mayina mokondera, osati kwa agogo aja.

Chitsanzo china choti chilungamo nchovuta kuchiumba ndi kota ya ku yunivesite. Inabwezeretsedwa nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma lililonse linkatsimikiziridwa malo 10, ndipo inathetsedwa mu 2020. Anzathu a kumpoto ankadandaula kuti mwana wa mapointi abwino akutsala pomwe wosakhoza bwino ngati iye wa boma lina akulowa, ndipo dandaulo limenelo linali lomveka. Ife a kuno ambiri tinkaikonda poti Nsanje ndi Chikwawa tinali kumbuyo. Ine maganizo anga ndi oti matenda anawapeza bwino koma mankhwala anali obuntha. Kota inkafunsa kuti kwanu nkuti, osati waphunzira pati. Ndiye mwana woti kwawo ndi ku Nsanje koma wakulira ku Blantyre pa sukulu ya laibulale ndi labu ankatha kutenga malo a Nsanje, pomwe mwana wa pa CDSS ya kumudzi, woyenda makilomita ambiri pa dzuwa lathuli, sukulu yake nkusandukanso kampu madzi akabwera, amatsalabe. Mapointi 20 a mwana ameneyo ndi mapointi 20 a mwana wa ku tauni si katundu wolemera mofanana.

Pano maso anga ali pa ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 kuno kuchigwa. Imeneyi ndi fakitale ya mwayi, ndikunena mwayi wachiwiri uja wa khomo lotseguka. Tinaona kale ku Phata, komwe alimi anaphatikiza minda yawo mu 2011 nkupanga kopaletivi ya nzimbe zogulitsa ku Nchalo, mabanja anayamba kulandira ndalama zomwe thonje silinawapatsepo. Koma taonani, amene munda wa makolo ake unagwera mkati mwa malire a sikimu analowa, wa kuseri kwa mzere anatsala, ndipo palibe mwa awiriwa anasankha pomwe agogo ake anagwetsa mtengo woyamba. Zaka khumi zikubwerazi a mkati mwa ngalande adzanena kuti tinalimbika, ndipo adzakhala akunena zoona, ngati inu. Chomwe ndimafunsa m'misonkhano ndi chakuti mayi wamasiye amene munda wake ndi wobwereka, kapena mnyamata wopanda malo, dzina lake lilembedwa pati madzi akafika.

Ndibwerere kwa mng'ono wanu. Sindikuuzani kuti muzimupatsa chilichonse wapempha, kupempha kwa chaka ndi chaka kumatopetsa ndipo kwagwetsa magolosale ambiri, abale kutenga pa ngongole mpaka mashelefu mbee. Thumba la chimanga la Januwale aliyense limamusiya pomwe anali, pansi pa kamzere kaja. Ngati mufuna kumuthandiza, ndipo mphamvu zikuoneka kuti muli nazo, chitani kamodzi koma chokwanira kumudumphitsa, komanso chikhale chinthu chomwe madzi sangatenge. Ng'ombe yaikazi imodzi ikhale yake koma izikhala m'khola lanu kuno kumtunda, ana ake azikhala ake. Kapena njinga imodzi ya kabaza aziyendetsa iye kapena mwana wake, azibweza pang'onopang'ono mpaka ikhale yake, mogwirizana pamaso pa ankhoswe kapena amalume kuti mawa pasadzakhale "munandipatsa" ndi "ndinakubwereka". Kapena mutenge mwana wake mmodzi adzaphunzire ku Bangula, ngati mmene amalume anachitira ndi ine. Akadzaononga zimenezo ndiye mudzakhala ndi pakamwa ponena za khama.

Koma musanafike pa ng'ombe, wolokani kaye mukamuone, osatuma mwana kapena kuyimba foni. Mukakhale pansi mumufunse kuti mu 2015 anataya chani, mu 2019 chani, namondwe Ana anatenga chani, Freddy anasiya chani, azitchula chimodzichimodzi inu muziwerengera pa mtengo wa lero ngati mmene mumawerengera sitoko ya m'golosale. Kenako inunso mumuuze za usiku wa pa depoti uja ndi masiku osadya nkhomaliro, poti nkutheka iye anangoona malata ndi njinga, zinazo sanazionepo. Mupite chilimwe chino Shire asanakwiye, ndipo mutengeko shuga ndi sopo wa alamu anu.